Zenera la Ketulo

Tsiku limene Aphunzitsi ankachoka m'dziko, achimwene awo adalonjeza ali chiimire pakhonde, dzanja lili pamutu pa kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kamene kankalira mopanda mawu.

"Pita, mlongo, ukagwire ntchito mtima uli m'malo," adatero. "Nyumba ino bambo anatisiyira tonse awiri. Mwana wakoyu ndi wa muno. Ine ndili moyo, palibe amene adzamutulutse, iyeyu ngakhale ana amene adzabereke."

Aphunzitsi ankati akupita kwa zaka ziwiri. Zidakwana khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kunjako satifiketi yawo ya uphunzitsi anthu adaiyang'ana ngati nyuzipepala ya dzana, ndipo ntchito imene adapeza idali yokolopa m'chipatala, m'chipinda cha ana odwala zifuwa. Sadadandaule kwambiri. Wokolopa amamva zambiri, poti anthu ophunzira amayankhula pamaso pake ngati akuyankhula pamaso pa ndowa. Ankawerenga chilichonse chogwera m'manja mwawo: mabuku obwereka, timapepala ta pakhoma, magazini a madokotala otayidwa m'bini. Akatopa n'kutsinzina, ankaona nyumba ya bambo awo, mpanda wa maluwa wofika m'khosi, mitengo itatu ya magwafa, ndi kamsewu kamene galimoto ikadutsa ana ankathamangira kukaiona.

Adabwerera m'nyengo yozizira, ndipo wa takisi adaipitirira nyumbayo kawiri chifukwa mwini wake sankaizindikira. Kamsewu kaja kadali katasanduka chimsewu cha mizere inayi, magalimoto atandandana ngati nyerere zapeza fupa. Mpanda wa maluwa udapita ndi okulitsa msewu. Magwafa adapita ndi achimwene. Pamalo pake adathira simenti, ndipo pasimentipo madzulo aliwonse pankagona minibasi zinayi zokalamba, zonse zitaloza mphuno ku geti, matako ku nyumba.

"Takulandirani, a kunja!" adafuula dalaivala wamkulu, bambo wa chimimba amene anzake ankamutcha Hutala poti sankadziwa kunong'ona. "Mwatibweretsera chiyani? Ife ngakhale sokosi imodzi tigawana."

Achimwene adali atanenepa, imvi zili mbuu, makiyi ali lende m'chiuno, ndipo aliyense pabwalopo ankawatcha abwana. Kamtsikana kolira kaja kadali katasanduka mayi, telala wosoka mayunifolomu a sukulu m'chipinda chakumaso. Adapereka moni waulemu, moni umene munthu amapereka kwa mlendo wa eni nyumba. Liwu loti "amayi" lidatuluka movuta ngati dzino lozula. Kumbuyo kwake kudabisala mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, wamaso akuluakulu, mapewa atakwera m'mwamba ngati a nkhalamba.

"Uyu ndiye mdzukulu wanu," adatero Telala. "Za bambo ake musafunse."

"Ife timamutcha Ketulo," adalowerera Hutala.

"Bwanji Ketulo?"

"Mumva nokha mawa. Pano sitifuna wotchi. Akangoyamba kuimba mluzu, timadziwa kuti tiyi wapsa."

Onse adaseka, ndi mwana yemwe.

Adamvadi. Aphunzitsi adagona pamatiresi m'chipinda cha Telala, pakati pa bedi ndi makina osokera. Kusanayere bwino kudamveka mawu panja, "Kankha! Kankha iwe, sunadye?" Kenako injini idatsokomola n'kulira, ina n'kutsatira, inanso. Telala adadzuka maso ali chitsinzinire, n'kukoka katani, n'kutsekula zenera mbali zonse ziwiri, monga achitira munthu chinthu chimene manja ake adachiloweza.

Fungo la dizilo lidalowa ngati mwini nyumba. Patangopita kanthawi, pabedi padayamba kamluzu. Fyii. Fyii. Kamluzuko Aphunzitsi ankakadziwa kuposa mawu a mwana wawo womubereka. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi adakolopa pansi pa mabedi oimba choncho.

"Ukutsekuliranji zenera?"

"A dokotala anati mwana wa mphumu azigona pamene pali zenera lalikulu, mpweya uzilowa," adayankha Telala akugwedeza kapampu ka mankhwala opopera m'kamwa. "Kale tinkagona m'kachipinda ka pakati, kopanda zenera, khoma lake lochita nkhungu. Amalume ndiwo anatipatsa chino, chabwino kuposa zonse. Ndimatsekuliratu asanayambe kubanika."

"Amayamba nthawi yanji?"

"Nthawi ngati ino."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Lamulungu. Alamu anu amati tsiku limenelo satana amakhala pa holide."

Lamulungu minibasi za achimwene sizinkayenda. Aphunzitsi adasuzumira pazenera. Mapazi atatu okha kuchoka pakhoma, mapaipi anayi a utsi ankafwenthera m'chipindamo.

Sikuti idali nkhanza. Idali ntchito. Bwalolo lidali lotsetsereka kuchokera pakhoma la nyumba kutsikira ku geti, ndipo masitata olizira injini a minibasi zonse zinayi adafa kalekale, iliyonse pa nthawi yake. Choncho madzulo dalaivala ankalowa chafutambuyo mpaka pakhoma, n'kuika mwala kutayala. M'mawa kondakitala ankachotsa mwala uja n'kukankha pang'ono, minibasi n'kutsetsereka, dalaivala n'kusiya kilatchi, injini n'kulira isanafike pageti. Pagetipo padalibe poima, poti ukangotuluka uli kale mumsewu. Ndiye inkabwereranso chafutambuyo pamalo pake kukatenthetsa injini theka la ola, chifukwa dizilo yokalamba ikatuluka yozizira imakazima pakati pa anthu. Makondakitala ankasesa m'kati, madalaivala akumwa tiyi. Njirayi achimwene adaitulukira okha, ndipo ankainyadira.

Madzulo a tsiku lomwelo, patebulo, Aphunzitsi sadazungulire.

"Achimwene, mwana uja akudwala ndi minibasi zanu."

Achimwene adaika kapu pansi. "Wangogona tsiku limodzi, wapeza kale matenda. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa."

"Mphumu ndi ya kumtundu," adatero alamu, akazi a achimwene, mayi wofatsa amene ankaopa mkangano ngati njoka. "Agogo anu aamuna sankabanika? Mwanayu anangotengera. Ndiponso ngofooka chibadwire. Chimfine chilichonse chodutsa mumsewumo chimatsikira pa iye."

"Chimatsikira pa iye chifukwa chitetezo cha m'thupi mwake chatopa, alamu. M'chifuwa muli tinjira ta mpweya, ndipo tili ndi alonda ake. Mu utsiwu muli tinthu toti diso silingaone, timalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Alonda aja amalimbana nato m'mawa uliwonse, tinjira n'kumatupa. Chimfine chikamabwera chimapeza alonda ali lefu, geti lili pululu."

"Tamva, aphunzitsi, belu lalira," adatero achimwene. "Tuluka panjapo uwerenge magalimoto ali mumsewumo. Zanga ndi zinayi. Enawo ukawauzenso azime?"

"Msewu uli mapazi makumi atatu. Zanu zili mapazi atatu."

"Ine ndakhala mu utsi zaka zonsezi. Ukundiona ndikubanika?"

"Inu mapapo anu anakula kuli magwafa."

 Alamu adanyamuka kukafuna shuga amene adali kale patebulo.

Aphunzitsi adatenga pilokesi yoyera, nsalu yovekera pilo, imene adabwera nayo, n'kuimangirira ku zitsulo za zenera. Atatha masiku atatu adaimasula n'kupita nayo pabwalo, anthu onse akuona. Idali yotuwa, pakati pali chibanga chakuda chonyezimira mafuta.

"Amayi, sopo wa kunja ngofooka chonchi?" adatero Hutala. Makondakitala adaseka.

Achimwene sadaseke. Adapaka chala pa chibangacho, n'kutikita mwayewo ndi chala chachikulu, n'kununkhiza. Munthu wa mainjini sanamizidwa ndi mwaye. "Iyi ndi nambala thuu," adayankhula chapansipansi, akunena imodzi ya minibasizo. "Ikudya oilo." Adabweza pilokesi n'kulowa m'nyumba.

Koma Telala mawu a mayi wobwera dzulo sadawatenge. Adati akamve kwa dokotala yemwe adanena za zenerayo. Adapita atatu, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa lili pamutu. Dokotalayo adali mayi wachitsikana, maso ofiira ndi ntchito, panja pakudikira anthu odzaza minibasi zisanu. Adamvetsera chifuwa cha mwana, kenako adamvetsera Aphunzitsi, n'kutembenukira kwa Telala.

"Kunja kwa zeneralo kuli chiyani?"

Telala adafotokoza za mwala, za kukankha, za theka la ola.

Dokotala adavula magalasi n'kupukuta kumaso. "Za zenera ndinanenadi. Funso limeneli ndinayenera kufunsa nthawi yomwe ija. Mankhwala ndikupatsani, koma mukamathira madzi m'ndowa yobooka musadabwe. Mwanayu achoke pa utsiwo, kapena utsiwo uchoke pa iye."

Pobwerera Telala adatsogola mpaka adafika pa mlatho wa oyenda pansi, pamwamba pa chimsewu chija. Pamenepo adaima, akuyang'ana magalimoto pansi.

"Zaka ziwiri," adatero. "Ndakhala ndikumutsekulira ndi manja angawa."

Madzulo Telala adapita kwa amalume ake, Aphunzitsi ali pambuyo. Sadakweze mawu. Adangoti, "Amalume, ndikupempha." Aphunzitsi adati masitata agula ndi iwo. Achimwene adati adagulapo kawiri, a masiku ano amafa mwezi usanathe, ndipo sitata sitenthetsa injini. Aphunzitsi adati minibasizo zizikagona kwina. Achimwene adati adayesapo kuzigoneka pamalo ogulitsira mafuta, m'mawa n'kukapeza ziwiri zitakhala pa njerwa, matayala atayenda okha. Kenako adayang'ana Telala, amene adamulera kuyambira ali ndi mano a mkaka, n'kuusa moyo.

"Chabwino. Tizitembenuza. Zizilowa ndi mphuno, zizilirira pa livesi. Tiyese sabata imodzi."

Lolemba madzulo minibasi zidalowa ndi mphuno koyamba chimangire bwalolo. Hutala adadandaula kuti galimoto yolizira chafutambuyo ili ngati munthu wodzuka ndi miyendo m'mwamba. "Koma chifukwa cha Ketulo wathu, ngakhale chagada tiliza." Zenera lidatsekedwa. Utsi sudathe, mphepo ikatembenuka unkabwerabe, koma mapaipi tsopano ankaloza kumsewu. Lachiwiri kamluzu kadamveka pang'ono. Lachitatu Telala adagwedeza kapampu, n'kudikira, n'kukabwezera m'thumba osakagwiritsa ntchito. Lachinayi mwana adadzuka yekha, n'kupempha buledi, n'kudya, n'kupemphanso wina. Masana Aphunzitsi adamupeza kuseri kwa nyumba akudumpha chingwe, akuwerenga mokweza. Adafika makumi awiri n'kuima, wefuwefu wa mwana wamba.

"Agogo, mwaona?"

Aka kadali koyamba kuwatchula choncho. Aphunzitsi adali atawerenga zokwanira kudziwa kuti masiku anayi si umboni. Koma adaulola mtima wawo ukhulupirire, ndipo madzulo ake adawasitira achimwene malaya.

Lachisanu nambala thuu idakana. Kondakitala adachotsa mwala, minibasi idatsetsereka chafutambuyo, dalaivala adasiya kilatchi, injini idangotsokomola kamodzi n'kukhala duu. Injini ikakhala yozima mabuleki amauma gwa. Dalaivala adaponda mpaka kuimirira, koma galimoto idatulukira pageti ndi matako, mwini wake osaona kumene akupita, n'kukalowa mumsewu. Lole ya mchenga idalira matayala n'kuimenya kumbuyo. Kondakitala, bambo wa ana atatu, amene ankayesa kuigwira ndi manja ngati akugwira mbuzi, adathyoka mkono. Palibe adafa.

Madalaivala adasonkhana pabwalo, magalasi osweka ali mbwee. Hutala adayankhula motsitsa, ndipo zimenezi zidaopsa kuposa phokoso la lole.

"Abwana, Ketulo timamukonda. Koma nafenso tili ndi ana. Chafutambuyo sitilizanso."

Madzulo zitatu zotsalazo zidagona monga kale, matako ku nyumba.

Aphunzitsi ndi Telala adatseka zenera, n'kutsekera m'mipata monse ndi zigamba za mayunifolomu. Koma nyumbayo idalibe siling'i. Utsi unkakwera khoma n'kulowera pansi pa malata. Lolemba m'mawa kudazizira kwambiri, kopanda ndi kamphepo komwe, ndipo utsi udangokhala pabwalo osafuna kuchoka. Kamluzu kadayamba. Telala adapopera kamodzi, kawiri, kanayi. Kenako kamluzu kadasiya.

"Wapezako bwino," adatero Telala.

Aphunzitsi adayatsa getsi. Mwana adali chikhalire, manja atatsamira pa mawondo, pakhosi pakulowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya, milomo itayamba kuda. Zimenezi adaziphunzira ali ndi chokolopera m'manja: chifuwa chikasiya kuimba mwana akadali wobanika, ndiye kuti mpweya wasiya kudutsa.

"Nyamula! Tiye!"

Adawatenga ndi Hutala, tiyi atamutaya pansi. Atangotuluka pageti adalowa mumzere wa m'mawa, magalimoto akuyenda ngati maliro. Kutsogolo kwawo kudali basi yaikulu, paipi yake ikulavulira pagalasi pawo. Aphunzitsi adamukhazika mwana tsonga pamiyendo pawo, akumuuza m'khutu, "Pang'onopang'ono, mama, tulutsa, tulutsa." Telala ankapemphera mawu osamveka mutu wake. Hutala adakwera m'mbali mwa msewu, dzanja lili pa hutala yeniyeniyo, mutu uli kunja. "Patukani! Ndanyamula mwana! Patuka iwe, galimoto ya apongozi akoyo!" Anthu ogulitsa m'mbalimo ankathawitsa madengu awo akumutukwana. Atafika, namwino adangoyang'ana milomo ya mwanayo n'kumulanda m'manja osafunsa dzina.

Adagonekedwa masiku atatu. Tsiku lachiwiri achimwene adabwera ndi nthochi. Adaima kumiyendo kwa bedi, n'kuona kachigoba ka mpweya kataphimba nkhope ya mwana, kuli maso okha. Mwanayo adawakwezera dzanja. Achimwene adaika nthochi pansi n'kutuluka. Aphunzitsi adakawapeza pakhonde la chipatala atayang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka, makiyi akulira m'chiuno.

"Achimwene, mukukumbukira zimene munanena tsiku lija?"

"Sindinaiwale."

"A dokotala akuti asabwererenso mu utsi muja."

"Ndamva. Ndipatse masiku, ndiganize."

Aphunzitsi adawagwira pamkono. Adakumbukira mnyamata amene ankawabereka kumsana powolotsa ngalande popita kusukulu, ndipo mumtima adati chibale ndi fupa, sichiola. Adabwerera kukakhala pambali pa bedi mtima utatsika.

Lachinayi adatuluka m'chipatala. Madzulo ake, mwana atagona pampando, achimwene adaitanitsa onse pabalaza. Alamu adathira tiyi amene palibe adamumwa. Achimwene ankayankhula akuyang'ana makiyi ali patebulo.

"Ndaganiza. Mwana sangakhale ndi utsi. A dokotala anena, iwenso wanena, ine ndaona ndi maso anga. Minibasi sizingalowe ndi mphuno, nonse munaona. Kwina sizingagone. Pa minibasi zimenezi pakudya mabanja asanu ndi atatu, osawerengera ife. Khoswe wakhala pamkhate, mlongo."

"Ndiye?"

"Ndapeza chipinda. Kumapeto kwa tauni, kumene minibasi zimakatembenukira. Kuli mitengo, kuli phee. Mwini wake ndi mnzanga, munthu wabwino."

Aphunzitsi adayang'ana Telala. Telala ankayang'ana manja ake.

"Mukumutulutsa."

"Ndikumupulumutsa."

"Theka la nyumba ino ndi langa, achimwene."

"Tenga theka lakolo. Ukatero uuze utsi uzikhala ku theka langa."

"Munaima pakhonde apo, dzanja lili pamutu pake."

"Ndinaima, inde!" Achimwene adamenya tebulo, makapu n'kudumpha. "Ndipo ndinaimabe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi! Iwe unali kuti? Atadwala chikuku unali kuti? Atabwera ndi mimba, mwini wake atathawa, anakhala pabenchi la chipatala ndani? Iwe unkatumiza majuzi, chaka chilichonse osamukwana, poti sunkadziwa kuti wakula bwanji. Magwafa ukuwalirawo sanaphunzitse munthu utelala. Unamuphunzitsa ndi utsi womwewu. Makina akusokerawo ndi utsi. Buledi wadya m'mawa uno ndi utsi."

 M'mutu mwa Aphunzitsi mudali mabuku a zaka zonse zija, koma mudalibe tsamba loyankhira zimenezi, chifukwa zidali zoona.

"Amalume," adatero Telala, "makasitomala anga onse ali kuno. Sukulu ya mwana ili kuno. Ine ndinakulira muno. Sindidziwa kwina."

"Uzibwera, mwanawe, si kutali. Uzikwera zathu zomwezi. Palibe adzakufunse kanthu."

"Ndiponso si kuti tadana," adawonjezera alamu, misozi ili m'maso. "Lamulungu muzibwera kudzacheza. Lamulungu sabanika."

Aphunzitsi adanyamula mdzukulu wawo pampando n'kupita naye kuchipinda chakumaso. Atamugoneka adaona zimene sadazione masana. Pakhoma, pamwamba pa makina osokera, padali mizere ya pensulo yowongoka bwino, itatu, kuchokera pakona kufika pakona, ndi manambala olembedwa m'mbali. Lidali dzanja la kalipentala, muyezo wa mashelefu. Kutalika kwake pakati pa mzere ndi mzere kudali kwa tayala la minibasi. Adayeza chipindacho mwana ali m'chipatala. Kaya lidali tsiku loyamba, kaya achimwene atabwerako kokalira kuja, Aphunzitsi sadafune kufunsa.

Telala adalowa, n'kuiona mizereyo. Adatenga katoni n'kuyamba kulongeza ulusi, mtundu ndi mtundu.

"Musanabwere tinali ndi nyumba," adatero Telala.

"Ndisanabwere ankabanika."

"Ndikudziwa. Sindikuti munalakwa. Ndikungonena."

Mwana adatembenuka pabedi. "Amama, kumene tikupitako a Hutala azibwera?"

"Azidutsa," adayankha Telala. "Gona."

Lachisanu lonse Telala adamalizitsa mayunifolomu amene adatsala n'kukapereka khomo ndi khomo, akuuza amayi a ana kumene akusamukira. Ena adati azimutsata. Ena adangofunsa ngati akudziwa telala wina wapafupi. Aphunzitsi adatenga mwana m'mamawa, injini zisanalire, n'kukakhala naye kuseri kwa tchalitchi china chakutali ndi msewu mpaka utsi utapita. Pobwera adapeza matabwa atatsamira kale pakhoma la khonde.

Loweruka masana nambala thuu idabwera kuchokera kowongoletsa, chitseko chakumbuyo chili cha mtundu wina, mipando iwiri atachotsa. Hutala adakana kuiyendetsa, adati mutu ukumupweteka, ndiye idabwera ndi dalaivala wina. Adakweza bedi, matiresi, makatoni a ulusi, ndowa, ndi sutikesi ya Aphunzitsi. Alamu adabweretsa mapoto awiri ndi bulangete, akupukuta m'maso. Makina osokera adanyamula ndi achimwene okha, mosamala, n'kuwamangirira ndi chingwe kuti asagwedezeke panjira.

Telala adatuluka m'nyumbamo atagwira mwana wake padzanja. Adakwera, Aphunzitsi n'kukwera pambuyo pawo. Kondakitala adachotsa mwala n'kukankha. Achimwene adatseka geti n'kubwerera m'nyumba.